Zala za a Mikate

Makina odindira zala a ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka m'dziko anakana zala zonse khumi. Mayi wa pawindo lachitatu anayamba ndi chala chachikulu cha kumanja, nkumapita chimodzichimodzi mpaka kachala kotsiriza ka kumanzere, ndipo ulendo uliwonse kanyali ka pamakinawo kankayaka kofiira.

"Agogo, zala zanuzi munazitani?" anafunsa mayiyo, akuzitembenuza ngati akusankha nsalu.

"Ndinagwirira ntchito," anayankha a Mikate. "Inu zanu mumasunga m'bokosi?"

A Mikate anali sisitere wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi. Anabwera kuchokera dziko lakutali ali ndi zaka makumi atatu, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yowotcha timikate ta Misa ta maparishi khumi ndi anayi. Dzina lawo lenileni linatsalira mu pasipoti. M'nyumba ya masisitere, kutchalitchi ngakhale kumsika, aliyense ankangoti a Mikate.

Amene anawaperekeza anali Wamakiyi, sisitere wobadwira m'dziko lomwelo, amene ankasunga makiyi a sitolo ndi mafayilo onse a nyumba. Iyeyu sanaseke. Kale chilolezo cha antchito a mpingo ochokera kunja chinkangofuna kalata ya a bishopu ndi zithunzi ziwiri, ndipo Wamakiyi ankazitula yekha pawindo nkubwerera. Chaka chimenechi lamulo linasintha. Wansembe, sisitere, ngakhale wophunzira wa kuseminale, aliyense ankayenera kubwera yekha kudzadinda zala pagalasi.

"Ndiye titani, mayi?" anafunsa Wamakiyi.

"Mizere yafufutika, sisitere. Onani nokha, posalala ngati sopo. Makinawa amafuna zala zinayi mwa khumi. Zikapanda kukwana, fayilo imapita kulikulu, ndipo kumeneko imagona miyezi. Chilolezo chawo chikutha liti?"

"Pa mapeto a mwezi uno."

"Ndiye kuti akadikirira ali kwawo. Sangakhale muno chilolezo chitatha." Mayiyo anatsitsa mawu. "Mverani. Apumitse manjawa masabata awiri. Asagwire chotentha, asagwire sopo, asachape ngakhale kapu. Muziwadzoza mafuta m'mawa ndi madzulo. Nthawi zina mizere imabwererako pang'ono. Mubwere Lachiwiri la sabata yachitatu, molawirira."

Panja anawadikirira mlongo wake wa Wamakiyi, bambo wa mimba yake amene ankayendetsa takisi. Iyeyu ankawatcha a Mikate apongozi, ati chifukwa ndi amene anamutengera mlongo wake kubanja losabwerera. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kumenya chiwongolero.

"Apongozi, ndiye kuti inu mukhoza kuba ku banki osagwidwa! Zaka zonsezi bwanji osandiuza?"

"Yendetsa galimoto, iwe," anatero a Mikate. "Ufa ndausiya pamtunda."

"Ufa simuugwiranso, Amayi," anatero Wamakiyi.

A Mikate anamuyang'ana ngati wawatukwana.

Tsiku lomwelo Wamakiyi anatenga masokosi oyera awiri, nawadzoza a Mikate mafuta m'manja monse, nawaveka masokosiwo mpaka m'zigongono. Masisitere ena atawaona akulowa m'chipinda chodyera manja ali m'mwamba ngati dokotala wopita kukachita opaleshoni, anabisa nkhope m'mbale. A Mikate anadya ndi sipuni yogwira ndi manja awiri, osalankhula ndi munthu.

Koma maparishi sanasiye kuchita Misa chifukwa cha masokosi. Ntchito yowotcha inagwera Wamakiyi. Chipinda chowotcheramo chinali chaching'ono, cha windo limodzi, tebulo lalitali, ndi chitsulo chamagetsi chotseguka ngati buku. Umathira chikho chimodzi cha ufa wosungunula m'madzi, nkutseka, nkudikira, nkutsegula, ndipo pamatuluka chipepala chopyapyala cha mkate. Zipepalazo zimagona m'kabati ya chinyezi kuti zifewe, kenako nkuzidula timikate tozungulira. Kunena nkosavuta. Cha Wamakiyi choyamba chinapserera. Chachiwiri chinamatirira. Chachitatu chinatuluka chonenepa ngati chikuto cha buku la nyimbo.

A Mikate anakhala pampando pakona, masokosi ali pamiyendo, akuwotcha ndi pakamwa.

"Wathira wambiri. Tseka. Usayang'ane wotchi, mvera chitsulocho. Chikasiya kulira, tsegula. Tsegula! Mwanawe, chimenecho ukapatsa wansembe wopanda mano, tikaika maliro."

"Ndikuyesetsa, Amayi."

"Ndikuona. Ndi chimene chikundiopsa."

Wamakiyi ankanyamula chipepalacho ndi mpeni wafulati, monga linanenera buku la chitsulocho. A Mikate mpeni umenewu anali asanaugwirepo. Iwo ankangotsina ngodya ndi nsonga za zala nkusenda chipepala chonse kamodzi, chitsulo chili moto. Anachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku kwa zaka makumi asanu, ndipo ndi kumene mizere inapita.

Tsiku lachisanu belu la pageti linalira chitsulo chili chotseka. Wamakiyi anathamanga kukalandira kalata, osakhalitsa ngakhale mphindi ziwiri. Pobwera anapeza sokosi imodzi ili pansi, chitsulo chili chotsegula, a Mikate ataimirira ndi chipepala choyera, chosalala, chopanda banga, chili lende pa zala zitatu.

"Chikanapserera," anatero msangamsanga.

Wamakiyi analowa m'nyumba imeneyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amene anamuphunzitsa kupinda mpango wakumutu, kuyenda osagogoda nsapato m'khonde, ndi kulira mwakachetechete pamene anamwalira mayi ake, anali a Mikate omwewa. Kwa zaka makumi atatu anali asanawakwezerepo mawu. Tsiku limenelo anakuwa mpaka wophika kukhitchini anazimitsa wailesi.

"Chipserere! Nyumba yonse ipserere! Masiku asanu ndakudzozani, inu mwawawotcha pa mphindi imodzi! Mukufuna kupita? Nenani, ndikutsitsireni sutikesi lero lomwe!"

A Mikate anaika chipepalacho patebulo mosamala, nakhala pansi. Anaoneka ochepa kwambiri pampando paja.

"Kupita kuti?" anafunsa. "Mng'ono wanga anamwalira chaka chatha, ukudziwa. M'nyumba ya makolo athu mukukhala anthu ena. Watsala mwana wake wamwamuna, amene ndimamudziwa pa chithunzi ali ndi mano awiri. Akandiika m'nyumba ya masisitere okalamba, pafupi ndi windo, bulangeti pamiyendo. Ndipo dokotala wathu sadzalola kuti ndikwere ndege kawiri. Ukudziwanso zimenezo."

"Nanga bwanji simukumva?"

"Manjawa samva, mwana wanga. Ine ndimamva. Chitsulo chitasiya kulira, anangopita okha."

Wamakiyi anazimitsa chitsulo. Anakokera mpando pafupi, natola sokosi ija, natsegula botolo la mafuta. Nsonga zitatu za kumanja zinali zofiira, zonyezimira. Anayamba ndi zimenezo, pang'onopang'ono, kenako chikhatho, kenako mfundo za zala zimene zinapindika ngati mizu. Masiku onse aja ankadzoza mwachangu, ngati akupaka mafuta pa loko. Lero anaona kuti manjawo ndi opepuka.

"Mukuopa," anatero.

"Ndikuopa, inde. Usakauze anzako. Ndinadzisankhira kale malo a manda kuseri kwa tchalitchi chathu, pafupi ndi thanki ya madzi. Pali mthunzi masana."

"Pamenepo pamadikha madzi."

"Ine ndidzakhala ndikumva?"

Wamakiyi anaseka, misozi nkugwera pa sokosi. A Mikate anaipukuta ndi chigongono.

"Basi, basi. Mafutawa ndi okwanira, usawonjezere mchere."

Kuyambira tsiku limenelo Wamakiyi ankati belu likalira, amatenga a Mikate pamkono nkupita nawo limodzi kugeti. Masokosi anawamanga ndi tepi m'zigongono. A Mikate anadandaula kwa mkulu wa nyumba kuti akusungidwa ngati mbuzi, ndipo mkuluyo anangoti apitirize kumvera. Pofika sabata yachiwiri zipepala za Wamakiyi zinayamba kutuluka zoyera, ndipo a Mikate anayang'ana chimodzi pawindo nanena kuti munthu wanjala akhoza kudya.

Lachiwiri lija anafika ofesi isanatsegulidwe. Pabenchi panali kale ansembe awiri achilendo ndi gulu la ophunzira a kuseminale atakumbatira mafayilo. Onse anasuntha kuwapatsa a Mikate malo, maso ali pa masokosi. Mlongo wa Wamakiyi anakana kutsala m'galimoto. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, ndipo lero nthabwala analibe.

Mayi wa pawindo lachitatu anawazindikira. Anadula tepi yekha ndi lumo, napukuta zala ndi kansalu, napukutanso galasi.

Anayamba ndi kumanzere. Kachala kotsiriza, kanyali kanayaka kobiriwira. Chotsatira, kobiriwira. Chapakati, makina anaganiza nthawi yaitali, kenako kobiriwira. Cholozera, kofiira. Chachikulu, kofiira. Dzanja lamanja lonse, kofiira kasanu.

"Zitatu," anatero mayiyo. "Chatsala chimodzi. Chachikulu cha kumanzerechi chikuonetsako timizere, koma chauma. Agogo, khudzani pamphumi panu. Mafuta a pankhope amathandiza kuposa a m'botolo."

A Mikate anakweza dzanja nakhudza pamphumi. Dzanjalo silinaime pamenepo. Linatsikira pachifuwa, kenako paphewa ili, kenako paphewa linalo.

"Amen," anatero wophunzira wina pabenchi, anzake nkumugunda ndi chigongono.

"Ayi, agogo, mwapukutira pamalaya," anatero mayi wa pawindo uja. "Yesaninso. Pamphumi pokha, kenako pagalasi."

"Ndamva."

Anakhudzanso pamphumi. Anayesetsa ndithu, nkhope ili gwa, koma dzanja litangochoka pamphumi linagwera pachifuwa ngati lakokedwa ndi chingwe.

"Ndi lamanzere limeneli," anadandaula a Mikate. "Silinaphunzitsidwe nkomwe zimenezi. Likungotsanzira linzake."

Ulendo wachitatu Wamakiyi anawagwira pamkono, nawatsogolera kuchokera pamphumi mpaka pagalasi. Kofiira. Mayi uja anadzuka, nasuzumira pa kauntala, nakhudza mphumi ya a Mikate ndi kuseri kwa dzanja lake.

"Apa palibe kanthu. Pouma ngati envelopu." Anayang'ana pa makina. "Andilola kuyesa kamodzi kokha. Kukakanika, fayilo imadzitumiza yokha kulikulu, ine sindingaibweze."

Wamakiyi anaona m'maganizo sutikesi yabulauni ya a Mikate imene inali pamwamba pa kabati m'sitolo, imene ankaisuntha chaka chilichonse posesa. Thukuta linatuluka pansi pa mpango wake nkuyenderera m'mbali mwa mphuno.

Mayi wa pawindo anamuyang'anitsitsa.

"Sisitere, lamulo silinena kuti mphumi ikhale ya mwini chala. Weramani."

Wamakiyi anawerama. A Mikate anali aafupi, choncho anachita kugwada bondo limodzi pa simenti, anthu onse akuona. A Mikate anamuyang'ana kanthawi, kenako anaika chala chachikulu pamphumi pake. Chinali chofewa, chozizira. Anachitsitsa pang'onopang'ono, nachipingasa, kamtanda kakang'ono, monga anachitira tsiku limene Wamakiyi ankapita kukaika mayi ake.

"Usaope, mwanawe," ananong'ona.

Chala chisanapite kwina kulikonse, mayi uja anatambasula mkono, nagwira dzanjalo ngati akugwira nkhuku yothawa, nalikanikiza pagalasi. Anachigubuduza kuchokera mbali iyi kupita mbali inayo. Makina anaganiza. Anaganizabe. Kanyali kanayaka kobiriwira.

Ophunzira aja anaomba m'manja mpaka mlonda anasuzumira. Pakhomo, woyendetsa takisi anavala chipewa, nachivulanso, nafuula kuti, "Apongozi, za ku banki zija zalephereka!"

"Zaka ziwiri," anatero mayi wa pawindo, akudinda pepala. "Mudzatenge pasipoti Lachinayi. Wotsatira!"

Wamakiyi anayesa kudzuka koma bondo linakana. Anakhala pomwepo pasimenti, thukuta likumulowa m'maso, osapukuta. A Mikate anamuyang'ana, nayang'ananso mzere wa anthu kumbuyo kwawo.

"Dzuka, iwe, ukutchinga njira," anatero, namupatsa mkono. "Gwira apa. Pang'onopang'ono, ungandigwetse."