Mawu Oti Msanga

Kuntchito ankamutcha Mlonda, ndipo dzinalo silinkamuipira. Bambo ake analondera pageti ya fakitale zaka makumi awiri, ndiye ankakonda kumuseka: "Ine ndinkalonda ndi chibonga, iwe ukulonda ndi kambewa ka kompyuta. Wakuba wake uti woopa mbewa?"

Akuba a Mlonda analibe nkhope. Ankalowa m'makompyuta a kampani kudzera m'mauthenga abodza, ndipo ntchito yake inali kuwatsekera kunja. M'chipinda chawo munalibe zenera, munali masikirini asanu ndi limodzi ndi kabelu kolira pakaoneka chokayikitsa. Kankalira kosalekeza, nthawi zambiri pachabe, koma tsiku loti wakanyalanyaza ndi lomwe wakuba amalowa. Tiyi ankazizirira m'kapu. Khosi linali gwa, ndipo mutu unasiya kalekale kumvera mankhwala.

Lolemba lililonse ankaphunzitsa antchito atsopano. "Nambala yachilendo, kalembedwe kolakwika, ndi mawu oti msanga. Mukaona zitatuzi, dziwani kuti ndi msampha. Wakuba amafuna muthamange musanaganize."

Abwana nawo ankatchera yawo misampha, kutumizira alonda omwewo mauthenga abodza kuti aone amene akuwodzera. Mwezi wapitawo Mlonda, ali wotheratu ndi kutopa, anakodwa. Abwana anamuitanira mu ofesi, chitseko n'kuchisiya chotsegula mwadala.

"Mphunzitsi kulephera mayeso ake omwe? Mayi, mukadzakodwanso tidzatsanzikana."

Kuyambira tsiku limenelo ankakayikira ndi moni yemwe.

Lachitatu cha m'ma teni koloko foni yake inanjenjemera patebulo. Nambala yachilendo. "Bambo ako adwalika tili ku cipatala bwela msanga imba nambala ino."

"Taonani achimwene," anatero, akuonetsa mnzake wa tebulo loyandikana. "Zitatu zonse zakwana. Abwana afika mpaka pa bambo anga? Anthuwa chisoni alibe."

Komabe anafuna kutsimikiza. Anachita zimene ankaphunzitsa: osaimba nambala yachilendo, imba imene ukuidziwa. Ya amayi inali yothima, mwachizolowezi. Ya bambo inaitana mpaka kuduka, koma madala amenewo foni ankaisiya pakabati ngati duwa. Nambala yachilendo ija inaimba, iye n'kudula. Inaimbanso. Apo n'kuti kabelu katayamba kulira kwenikweni, masikirini ali psuu, akuba enieni akugogoda. Anaitchinga nambala ija kuti isamupezenso, n'kutembenuza foni chafufumimba.

Analimbana nawo maola asanu osadzuka pampando, ndipo anawagonjetsa. Abwana anabwera okha kudzamugwira chanza. "Ntchito koma imeneyi, mayi." Kwa nthawi yoyamba mwezi wonsewo anapuma mpweya wofika pansi, mpaka analimba mtima n'kuseka nawo.

"Koma msampha wanu wa lero, bwana, munaonjeza."

"Msampha uti? Sabata ino sitinatumize kalikonse."

Asanayankhe, mlembi anasuzumira pakhomo. Anati kunja kuli mng'ono wake wa Mlonda, ndipo akukana kukhala pansi.

Kuchipatala anapeza amayi pabenchi ya m'khonde, atafungatira nsapato za bambo ndi chipewa chawo. Pabedi pamene anagona bambo anali atayalulapo kale. Mlonda anagwada n'kuika mutu pamiyendo ya amayi ake, ndipo misozi inakana kutuluka, chifukwa chisoni chinali chitasakanikirana ndi manyazi.

"Anagwa akuthirira maluwa," anatero amayi. "Foni yanga inathima, yawo tinaiwala pakabati. Ndinabwereka kwa mayi wina wodwazika mwana. Mpaka thu koloko amalankhula bwinobwino, maso ali kukhomo. Nditati foni yako sikulowanso, anati, 'Musamuvutitse mwanayo. Mlonda sachoka pageti.'"

Mlonda anafuna kufotokoza za misampha, za abwana, za zizindikiro zitatu zija. Zonsezo zinamveka zopusa zisanatuluke n'komwe m'kamwa.

Amayi anamusisita kumutu. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinawawa koposa. Anangofunsa motsitsa mawu, ngati olakwa ndi iwo.

"Manja amanjenjemera, mwanangu, ndiponso magalasi ndinalibe. Koma ndinalemba kuti msanga. Kapena sindinalembe bwino?"