Chishalo cha Bwana Onnatubby

Chishalo cha hatchi chinagwera pabwalo kachitatu mwezi womwewo, kenako bulangete, kenako mfuti. Tempie anasiya munsi mumtondo n'kugwira m'chiuno.

"Ayambanso aja," anatero.

Kwa Achikasawu, mtundu wina wa eni nthaka a ku America, nyumba ndi ya mkazi. Mkazi akataya katundu wa mwamuna panja, ukwati watha, mkamwini atole zake azipita. Tsoka lake, pa zinthu za bwana Onnatubby panalinso Isom, mwamuna wa Tempie. Tempieyo ndi ana ake awiri anali akapolo a dona Shimahoye, mkazi wa bwanayo, koma Isom anali wa bwana. Akuluakulu akakangana kuchipinda kwawo, banja lomwe linkagwedezeka linali la kuseri kwa khola.

Isom anatulukira kuchokera kumunda wa thonje, khasu paphewa, n'kungoima.

"Bambo a Viney, mwaima ngati chitsa bwanji? Tolani chishalocho mukabise m'nkhokwe anthu asanaone!"

"Ndatopa nazo ine. Mwezi uno ndasenza chishalo chimenechi kuposa hatchi."

"Ndiye mukufuna mukachisenze mpaka kwawo kwa bwana? Ana muziwaona kutulo?"

Isom anatola chishalo, akung'ung'udza.

Nkhani yake inali yachibwana zedi. Bwana ataledzera ananena pagulu kuti mahatchi a Lomatubby, mlongo wake wa dona, ndi mbuzi zazitali miyendo. Basi, yomweyo! Koma Lomatubby anali malume wa ana a m'nyumbamo, mwini mbumba, munthu wosanyozedwa ndi mkamwini.

Ukwati unali wa eni ake, koma woyenda mpaka zidendene kung'aluka anali Tempie. Anakonola chimanga, anaphika pashofa, chimanga chowiritsa pamodzi ndi nyama ya nkhumba, wonunkhira mpaka kumsewu, n'kupita naye kwa dona.

"Adona, bwana aphetsa nkhumbayi chifukwa cha inu."

"Bodza lako ndimalidziwa, Tempie. Akapepese kwa achimwene, apo ayi asapondenso muno."

Mbale ina anapita nayo kukhola la mahatchi, kumene bwana anakhala atatupa ngati chule.

"Ndipepese ine? Kwa ameneuja?"

"Bwana, ndi liwu limodzi lokha. Ine ndimalinena kakhumi pa tsiku, ndipo sindinafe."

Tempie anawanyengerera bwanawo masiku atatu, munthu wamkulu wa imvi zake, ngati mwana wokana phala. Kunena zoona n'zopsetsa mtima, chifukwa masiku onsewo palibe anafunsa Tempie ngati wadya.

Tsiku lachinayi Lomatubby anafika kuchokera kwawo ku mtsinje Wofiira, ulendo wa masiku awiri. Amuna awiriwo anakhala pansi pa mtengo n'kusuta fodya nthawi yaitali. Kenako kunamveka kuseka. Dona anatuluka n'kulamula kuti katundu wa bwana alowe m'nyumba.

Tempie anakhala pansi pafupi ndi mtondo.

"Mayi a Viney, inu ndinu nkhoswe yeniyeni," Isom anamuseka. "Akupatseni nkhuku."

"Andipatse tulo basi. Akadzayambananso, mukaphike ndinu."

Apo dona anamuitana pakhonde, nkhope ili yowala, nsalu yamaluwa yatsopano m'manja.

"Tenga iyi, wagwira ntchito. Komanso umukonzere Isom kamba wa panjira."

"Wa panjira yopita kuti, adona?"

"Bwana ako apepesa ngati mwamuna. Ati pepani wapakamwa sakwanira munthu ngati achimwene, ndiye awapatsa Isom aziwasamalira mahatchi. Anyamuka dzuwa likapendeka."

"Nanga ana?"

"Ana ndi anga, akhala pompano. Ukulira chiyani? Si iwe unkafuna tiyanjane?"

Tempie anapita kukhitchini, anawotcha zikondamoyo zinayi za chimanga, n'kuzikulunga m'nsalu yamaluwa ija. Atatuluka anapeza Isom atanyamula Viney paphewa, wamng'ono atamugwira mwendo.

"Mwamva?" Tempie anafunsa.

"Ndamva."

Anamupatsa phukusilo. M'nyumba yaikulu ankaitanitsa pashofa wina.