Netiweki ya Pakhonde

Vuto la laputopu ya Anastazia silinali mu laputopu ayi. Linali pakhonde, pampando wa ndalema, litavala malaya a ntchito a ku esiteti ya nzimbe. Dzina lake linali Raston, mwamuna wake.

Anastazia anali mphunzitsi wa pulayimale cha ku Kanyenda, ndipo ankamaliza dipuloma yophunzira ali kunyumba. Chotsala chinali kutumiza ku koleji kafukufuku amene anatuluka naye thukuta zaka ziwiri: zolemba, zithunzi, ndi mavidiyo a iyeyo akuphunzitsa ana. A koleji anati zonse zifike pofika Lachisanu masana, wochedwa abwereze chaka. Foni yake inali ya mabatani, choncho intaneti ankabwereka pa foni ya mwamunayo, imene inkagawira laputopu intaneti kudzera pa hotisipoti. Pamudzipo netiweki imagwira pakhonde pokha. Laputopu nayo batire lake linafa kalekale, inkayenera kukhala m'nyumba pafupi ndi soketi ya sola. Ndiye mkazi m'kati, mwamuna ndi foni panja, khoma pakati pawo.

Raston ankangotchera khutu. Akamva mkazi wake akunena yekha kuti, "Eya, ikuyenda," ankadikira pang'ono kuti kamzere kotumiza kafike cha pakati. Kenako chala chimodzi pagalasi la foni, hotisipoti thi. M'nyumba mumveke kumenya tebulo. Iye n'kuyatsanso, nkhope ili phee ngati akuwerenga zigoli za mpira.

Ndinene mosabisa, munthuyu sanali mfiti. Anali wamantha, ndipo mantha a munthu wandevu amaononga kuposa ufiti. Raston kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera kuno kudzayendetsa thirakitala, n'kukwatira, n'kumanga nyumba ya malata pamalo a akuchikazi monga mkamwini. Alamu ake sankamuwerengera. Pamaliro ankamutuma kotema nkhuni, pa nkhani za banja ankamuuza kuti akaone mbuzi. Chimene chinkamupatsa mpando pamudzipo anali Anastazia yekha. Tsono dipuloma ija inkatanthauza sukulu ya sekondale, mwina ku Ntchisi, mwina ku Kasungu, ndipo iye ntchito ya thirakitala sakanainyamula pamutu. Ankadziona atatsala yekha pamudzi wa eni, akupatsidwa moni wa pamphuno ndi apongozi. Ankadzinamiza kuti sakumulepheretsa mkaziyo, akungomuchedwetsa chaka chimodzi.

"Bambo a Laura, foniyo mwaisuntha?" Anastazia anafunsa Lachitatu madzulo ataweruka, mawu akudutsa pazenera.

"Ndaisuntha kupita nayo kuti? Ili m'manja mwangamu."

"Nanga bwanji dzina la netiweki lasowanso?"

"Funsani chigubu chanu cha laputopucho. Ndinakuuzani kuti za kaunjika sizikhalitsa, inu munati ine sindinapite patali ndi sukulu."

"Sindinanene choncho."

"Maso anu ananena."

Anastazia anayesa zonse zimene anzake a ku koleji anamulangiza. Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Anafufuta dzina la netiweki n'kulowetsanso pasiwedi. Anasuntha tebulo mpaka pakhomo, chingwe chili chikokekere, anafika pochotsa nsalu ya pazenera poganiza kuti ikutchinga. Kupempha foni kwa aphunzitsi anzake sankafuna, chifukwa ena a iwo ankamunena kale kuti akudzimva ndi dipuloma yakeyo. Laputopuyo anaitukwana mawu amene mayi wa Chigwirizano cha Amayi ku Angilikani sayenera kuwadziwa. Raston ankamva zonsezi ali panja, koma chala sichinasiye.

Lachinayi m'mawa, atapempha tchuthi kusukulu, Anastazia anakulunga laputopu m'chitenje.

"Tiyeni ku Dwangwa," anatero. "Foni yanu ikufunika, ndiye inunso mukufunika."

Raston anafuna kukana, koma analibe chifukwa chokanira, popeza tsikulo anali wa shifiti ya madzulo. Anakwera kabaza wa njinga yamoto atapanikizana.

Sulemani anali ndi kashopu pafupi ndi msika, pamene ankakonza mafoni ndi kuthira nyimbo m'mamemore. Mankhwala ake anali amodzi pa nthenda iliyonse. Kompyuta ikachedwa, ankafomata, kufufuta zonse n'kuyambanso mwatsopano. Ikasiya kulira, ankafomata. Ndikukhulupirira kuti ngakhale mukanamubweretsera wailesi ya mabatire, akanayamba wafufuza pofomatira. Anamvetsera Anastazia ndi khutu limodzi, lina likumvera kasitomala amene ankafuna nyimbo za kwaya.

"Wayifayi yodukaduka? Windozi yavunda imeneyo, madamu. Tichotse, tiike yatsopano."

"Simuiyesa kaye?"

"Ndiyese chiyani? Matendawa ndimawadziwa. Ngati mukudziwa kuposa ine, bwenzi mutakonza kwanu konko."

Anastazia analoza laputopu. "Muli ntchito yanga ya sukulu umu."

"Kopani pa fulashi. Chilichonse chotsala m'menemo chipita, wallahi, musadzandilirire pano."

Anastazia anatulutsa fulashi imene anaimangirira ku makiyi a nyumba. Pa desikitopu panali kachizindikiro kolembedwa kuti KAFUKUFUKU, kamene mnzake wina anamuikira kuti azifika msanga pa ntchito yake. Anakakokera ku fulashi. Kanapita m'kuphethira kwa diso, ndipo iye anati mumtima fulashiyi ndi yachangu. Sulemani anasuzumira, anaona dzinalo, n'kugwedeza mutu.

Analowetsa fulashi yake ya Windozi, sikirini inasanduka ya buluu. Anadinadina mpaka panafika funso lomaliza, chala chake chili pamwamba pa batani.

"Ndidine? Ndikadina palibe kubwerera."

Apa ndi pamene Raston akanalankhula. Mawu anali atafika kale pakhosi, ochepa chabe: musadine, laputopu ilibe vuto. Anayang'ana khosi la mkazi wake, thukuta likutsika kuseri kwa khutu. Anayang'ana anthu amene anali m'shopumo, n'kuganiza mmene angasekere. Anadziuza kuti ntchito ili pa fulashi, palibe chitayike. Kenako anayang'ana kumsika, ngati kuti mayi wogulitsa usipa uja anali ndi nkhani yofunika kwambiri.

"Dinani," anatero Anastazia.

Windozi inatenga nthawi yake. Madontho ankazungulira, laputopu inkazima n'kudziyatsa yokha, magetsi a jenereta ya oyandikana nawo ankaphethira, Anastazia n'kumagwira mtima. Itamaliza, wayifayi inasoweratu, ngakhale kachizindikiro kake. Sulemani anadandaula za madiraiva, timapulogalamu toyendetsa wayifayi, anafufuza m'mafulashi ake atatu, mpaka kachizindikiro kanabwera.

"Bweretsani foni yomwe ija, bigi, tione," anauza Raston.

Foniyo inali itatsala pang'ono kuzima. Sulemani anayatsa hotisipoti, n'kuilumikiza ku chaja pashelefu ya kuseri kwa kauntala, pakati pa mafoni a anthu ena. Laputopu inagwira netiweki nthawi yomweyo n'kuyamba kukoka zofunika za Windozi yatsopano.

"Mwaona? Mumafuna kundiphunzitsa ntchito."

Anastazia anakokera laputopu pafupi. Analowetsa fulashi yake, n'kudina pa KAFUKUFUKU. Panatuluka kabokosi ka uthenga. Anadinanso, kabokosi komweko. Sulemani anawerama, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo anasiya kutafuna chingamu.

"Madamu, mwakopa chiyani apa?"

"Ntchito yanga."

"Iyi si ntchito. Aka ndi kachikwangwani kolozera njira. Nyumba yeniyeniyo inali m'kati, ndiye ndi imene tagwetsa ija."

"Bwezani."

"Ndibweza bwanji? Windozi yatsopano yakhala pamwamba pake."

"Munayang'ana inu. Munagwedeza mutu."

"Ndinaona dzina. Ine ndiwerenge kafukufuku wanu? Aphunzitsi ndinu, si ine."

Zimene zinatsatira anthu a pamsika anazimva bwinobwino. Anastazia anamutcha Sulemani wakuba wovala magalasi, wophwanya zinthu za anthu, munthu amene ntchito anaiphunzirira pa mawailesi akufa. Sulemani anati anthu a masatifiketi ndi amene amavuta, amabwera ndi mphuno m'mwamba koma kukopa foda sadziwa. Anayesa pulogalamu ina yofukula zofufutidwa. Inabweza zithunzi zingapo zong'ambika pakati ndi tsamba limodzi la zilembo zosawerengeka. Mavidiyo a ana aja, amene tsopano anali m'kalasi ina ndi mphunzitsi wina, sanaoneke ngakhale imodzi.

Raston ndiye anakalipa kuposa onse. Anamenya kauntala, anati apita kupolisi, anati shopu imeneyi itsekedwa. Ankakuwa kuti asamve zimene zinkalankhula m'mutu mwake. Zimene ankafuna zinali zitachitika, mopitirira muyeso, ndipo sankamva kukoma kulikonse.

Anastazia anakhala pa benchi. Sanalire. Anangoti maso pa sikirini, pomwe kamzere ka zokoka za Windozi kankakwera pang'onopang'ono osaima. Makasitomala ankalowa ndi kutuluka. Wina anathiritsa nyimbo, wina anasintha galasi la foni, dzuwa linasuntha pakhomo, ndipo kamzere kaja kankangokwera.

"Ngakhale mundinyoze, wayifayi ndakonza," Sulemani anang'ung'udza. "Taonani, chiyambire sinadukepo."

"Sinadukedi," anatero Anastazia, motsitsa.

Anayang'ana laputopu. Anayang'ana foni ili payokha pashelefu. Kenako anayang'ana manja a mwamuna wake, amene anali atawapinda pachifuwa opanda chogwira. Raston anaona mutuwo ukutembenukira kwa iye.

"Bambo a Laura, Lamlungu lija munakasamba munasiya foni pazenera. Tsiku limene lija inatsala pang'ono kumaliza. Inaduka mutangotuluka kubafa."

"Ndiye ine ndimalamula netiweki?"

"A Sulemani, apatseni foni yawo."

Sulemani anazula chaja n'kuipereka. Raston sanatambasule dzanja.

"Landirani," anatero Anastazia. "Muigwire mmene mumaigwirira pakhonde. Ndikufuna ndione ngati Windozi yatsopanoyi ipirire."

"Mayi a Laura, pano ndi pagulu."

"Pagulu pomwe pano ndi pamene munaima n'kumaonerera akufufuta zaka zanga ziwiri. A Sulemani anafunsa kuti adine. Munamva?"

Onse m'shopu anatchera khutu. Ngakhale sipika ya nyimbo Sulemani anaitsitsa, osati chifukwa cha ulemu, koma kuti amve bwino. Raston akanatha kukana, ndipo palibe akanamugwira ndi umboni. Koma anali atatopa, ndipo bodza limafuna mphamvu.

"Sindinafune kuti zitayike," anatero. "Ndimafuna muchedwe chabe. Mukanapita ku Ntchisi, ine ndikanatsala ndi ndani pamudzi paja? Achimwene anu amandiona ngati waganyu. Inu munaganizapo za ine?"

"Munandifunsa?"

"Mukanandimvera?"

"Ndikanakuuzani kuti ndinapempha kale kuti ndikamaliza andiike pa sekondale ya pafupi ndi Dwangwa pompano, ndizipalasa njinga. Ndinasunga kuti ndidzakuuzeni zikatheka, chifukwa nkhani ya sukulu ikangoyamba inu mumatupa."



Anastazia anatseka laputopu, anakulunga chingwe bwinobwino, n'kumanga zonse m'chitenje muja. Anali ndi ukali wozizira umene Raston anali asanauonepo chikwatiraneni, ndipo anazindikira kuti kukalipa konse kwa m'nyumba kuja kunali chikondi poyerekeza ndi izi.

"Mumaopa kuti ndichoka pamudzi," anatero. "Mtima ukhale pansi, sindichoka. Chaka ndibwereza ndili pakhomo pa amayi anga. Pamudzi paja ndi pathu. Ndikafika ndikauza amalume aitane ankhoswe anu, ndipo mukabwera ku shifiti mudzapeza zovala zanu zili m'thumba pakhonde."

"Nyumba ija ndinamanga ndine."

"Malata mukazule. Dothi ndi lathu."

Anatuluka, n'kuimitsa kabaza. Raston anamutsatira mpaka pakhomo la shopu, akuyembekeza kuti asuntha pampando monga m'mawa muja. Anastazia anakhala pakati penipeni, laputopu pamiyendo, ndipo anauza wa njingayo kuti wokwera ndi mmodzi.