Tsiku Limene Ba Magdalene Anaboola Khoma

Kunja, nyumba ya Marjory inali ngati zinzake zonse za m'komboni ya Kanyama: njerwa zadothi ndi malata otsindikiridwa ndi miyala. Kusiyana kunali m'kati. Mwamuna wake Mukupa, amene ankanyamula katundu pa fakitale ina ku Indasitiriyo, anatolera matabwa opyapyala a mabokosi otayidwa n'kuwakhomera pamakoma a pabalaza. Marjory anamatapo mapepala a maluwa ndi phala la chinangwa, osasiya ndi kampata komwe. Mlendo akalowa ankayamba waima kaye pakhomo n'kunena kuti, "Iyi ni nyumba ya kumayadi." Marjory ankakana ndi pakamwa, mtima ukuvomera.

Dzinja la 1978 mvula inagwa yoopsa. Kanyama anakhala pathanthwe, madzi salowa pansi, ndiye anangoti ndundundu m'njira zonse. Nyumba zina zinagwa, koma kwa Marjory madzi anangonyambita m'munsi mwa khoma n'kubwerera. Anathokoza Mulungu, nakolopa, naiwala.

Kenaka kunabwera fungo, longa la bulangete lonyowa loiwalidwa m'beseni. Marjory anali wa ku Katete, kum'mawa, Mukupa anali Mbemba wa ku Kasama, ndipo anthu akum'mawa ndi Abemba akakumana kusereulana sikutha. Choncho Marjory anayamba ndi kukayikira mphalabungu zouma, vinkubala, zimene apongozi ake ankatumiza.

"Bashi Bwembya, vinkubala vanu vija mwavibisa kuti? Nyumba yonse yanunkha," anatero Marjory, akumuitana mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo wakhanda.

"Vinasila kudala," anayankha Mukupa akumanga nsapato. "Funani mbeba zanu, amake Bwembya. Kapena imozi inathawa mupoto, yafera kuseli kwa kabati."

Anasuntha kabati, anachapa makatani, anayanika mphasa padzuwa. Fungo silinasunthe. Posakhalitsa Marjory anayamba kutsokomola, mphuno zikuyabwa, mawu n'kusasa. Apa m'pamene panamuwawa, chifukwa ndiye ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya amayi kutchalitchi, ndipo Pasaka anali pafupi. Kuchipatala anamupatsa mankhwala akumwa otsekemera, koma sanathandize. Chodabwitsa n'chakuti atakacheza kwa mkulu wake Virginia ku Matero, chifuwa chinaleka. Atangobwerera kwawo, chinamulandira pakhomo.

"Ndiye kuti matenda yanu ni ine," anatero Mukupa. Marjory anaseka. Koma mnansi wake Dyness anali atamunong'oneza kale kuti nyumba yokongola imaitana maso oipa, ndipo ngakhale sanafune kukhulupirira, mawuwo ankamubwerera akamasesa.

Lachinayi lina masana kwaya inadzayeserera nyimbo kwa Marjory, poti m'tchalitchi munali mudakali matope. Amayi anadzaza pabalaza, mazenera kulibe, thukuta lili kamukamu. Marjory anayambitsa nyimbo, mawu anatuluka ngati a tambala wachimfine. Anayesanso, chimodzimodzi. Ba Magdalene, mayi wamkulu thupi wogulitsa nsomba pamsika, anafuna kumuchotsa manyazi. Anailanda nyimboyo naikweza, nayamba kuvina chobwerera m'mbuyo, mpaka anatsamira khoma ndi thupi lonse.

Khoma linalira kuti phwa. Thabwa linathyoka pakati, Ba Magdalene n'kukhala pansi, msana uli m'kati mwa khoma, miyendo ili m'mwamba, maluwa a pepala atawagwera pamutu.

Nyimbo inaduka. Kuseri kwa thabwalo kunali nkhungu yakuda bii, pena yobiriwira, pena yoyera yaubweya ngati ya pa chimanga chovunda. Inayambira pansi mpaka kufika m'chiuno mwa munthu, ndipo njerwa zinali zonyowa ngati zoumbidwa dzulo. Fungo lija linatuluka lonse nthawi imodzi. Nyumba imene Marjory ankainyadira inali itavula pamaso pa kwaya yonse.

"Niimikeni poyamba," anatero Ba Magdalene ali pansipo. "Bowa wanu muzauona bwino nikachokapo. Amake Bwembya, kansi mulima bowa munyumba osatiuza?"

Amayi anaphulika nako kuseka, ndipo Marjory, misozi ili m'maso, anapezeka akuseka nawo mpaka chifuwa chinamugwira. Atawadzutsa, Ba Magdalene anagwira njerwa ija ndi chikhatho. Anati zomwezi zinawachitikira akukhala ku komboni ya George, kuseri kwa kabati, ndipo mwana wawo anatsokomola dzinja lonse. Khoma likamwa madzi limafuna mphepo, iwo anatero, ndiye mukaliveka matabwa ndi mapepala limavundira m'kati. Mayi wina anaulula kuti kwake kuseri kwa bedi kunada kalekale, amangobisa ndi nsalu. Dyness anayang'ana pansi, kenaka anati, "Nanga ine nikanaziba bwanji?"

Za nyimbo zinathera pomwepo. Amayi anamanga maduku kukamwa ndi kumphuno, Bwembya wakhanda anamutumiza kwa aneba, n'kuyamba kuzula matabwa. Sopo masiku amenewo ankasowa, munthu ankaima pamzere kuyambira m'mawa n'kubwerako chimanjamanja, komabe aliyense anathamangira kwawo n'kubwera ndi kachidutswa kake. Anapala khoma ndi mipeni ndi makasu, analitsuka, zopalazo anakazikwirira kutali. Matabwa ndi mapepala anaziwotcha pabwalo.

Mukupa pobwera kuntchito anapeza thukuta lake likuyaka moto, amayi atazungulira akuimba Aleluya.

"Nachoka m'mawa nili na nyumba ya kumayadi," anatero, chipewa chili m'manja.

"Lowani muone vamene munatisungira, bashi Bwembya," anayankha Marjory.

Analowa, anaona, anatuluka akutsokomola. Sanatsutse kanthu. Anangopempha kuti thabwa limodzi louma alisiye, apangire mpando Ba Magdalene, kuti ulendo wina asadzatsamirenso nyumba ya munthu.

Masiku otsatira anayatsa mbaula m'mbali mwa khoma, chitseko chili chotsekula, iwo akukhala panja mpaka njerwa zinauma. Loweruka Mukupa anagumula njerwa zingapo kumbali ya msewu n'kuikapo zenera, ndipo anaboola timabowo ta mphepo pamwamba pa khoma lakuseri. Anafunanso kukumba ngalande yochotsa madzi m'mbali mwa nyumba, koma zotere zinkayenera kudzera kwa Ba Kapembwa, tcheyamani wa Chipani m'chigawo chawo. Ba Kapembwa anabwera, anayendera, anagwedeza mutu, ndipo pamsonkhano wotsatira analengeza kuti aganiza zoti nyumba iliyonse ikumbe ngalande. Anthu anawaombera m'manja. Mukupa anaomba nawo mwamphamvu kuposa onse.

Khoma analipaka laimu. Linali loyera, lopanda duwa ndi limodzi lomwe, ndipo masiku oyamba Marjory ankaliona ngati la m'chipatala. Koma fungo linatha, tulo tinabwerera, chifuwa chinayamba kuchepa. Pa Pasaka mawu anali asanakhale bwino, ndiye nyimbo anatsogolera Dyness, ndipo anaimba bwino kuposa mmene Marjory ankafunira. Pofika Pentekoste mawu anabwerera onse, ndipo awiriwo anayamba kumasinthana.

M'mawa wina Marjory anaika mbale ya vitumbuwa pazenera latsopano lija kuti vizizire. Bambo wina wopita kuntchito anaima n'kufunsa ngati n'vogulitsa. Marjory anati ayi, kenaka anati dikirani. Mwezi usanathe, anthu opita ku Indasitiriyo ankayamba aima pazenerapo, ndipo Mukupa ankadandaula kuti m'nyumba yake yomwe amachita kupempha kuti amusungireko viwiri vapansi, vopserera pang'ono.