Kabawi wa M'chitini

Faustina anapachika chitini chake choopsezera mbalame pamtengo wa msuku m'mphepete mwa munda, n'kulumikiza waya ku batire. Sipika inalira kuti fyuuu, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Njiwa zomwe zinali pa mpendadzuwa sizinatukule n'komwe mitu. Amene anabwera ndi galu wa bambo ake, akupukusa mchira, kuyesa kuti wina wamuimbira likhweru.

Bambo akewo, a Levi, anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. Chifuwa chimenechi anachitengera m'chigafa, m'fumbi la fodya, ndipo n'chimene chinachititsa Faustina kuwaumiriza kuti chaka chino adzale mpendadzuwa. Tsopano mbewu zinali zitakhwima, njiwa za ku Lukwa konse zitamvana zodyera pomwepa.

"Mwananga, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero atapezako mpweya. "Njiwa sizidya fodya. Zikamaliza mundawu, ine ndikukafesa nazale ya fodya."

Faustina anachita mantha, pakuti bambo akewo sankalankhula kawiri. Iye ankakonza mawailesi pa Mtunthama, ndipo kachipangizoka anakalumikiza ndi zidutswa za wailesi yakufa. Mkati mwake munali kapasita, kankhokwe ka magetsi, kamene kankadzaza pang'onopang'ono n'kukhuthuka kamodzi. Atalumikiza foni yake kuti aone kayendedwe ka magetsiwo, mzere unaoneka ngati mano a sowo: kukwera mwapang'onopang'ono, kugwa mwadzidzidzi. Kulira kwa sipika kunkatsatira mano omwewo. Zonse zinali bwinobwino, kupatula kuti njiwa zinalibe nazo ntchito.

Anakhala pamzere, manyazi atamugwira. Ali chikhalire, mthunzi unadutsa pamunda, ndipo kumwamba kunamveka kulira kwa kabawi. Munda wonse unachita phuu! Njiwa zinabalalika, nkhuku ya kwa aneba n'kulowetsa anapiye ake pansi pa chitsamba.

Faustina anadzuka. Kabawi uja sanayambire pansi ayi. Anayamba ndi mawu akuthwa, pamwamba penipeni, kenaka n'kumatsika.

"Bambo, ndinaika mano chagada!"

"Mano a ndani?"

Faustina anatsitsa chitini chija n'kuchinyamula. Anathamangira kunyumba, n'kuika msomali pamakala poti kumudziko kulibe magetsi otenthetsera chowotcherera. Msomali utafiira, anasungunula mtovu, n'kuzula dayodi, kachidutswa konga njere ya mpunga kamene kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Anakatembenuza, mutu kuloza kumene kunali mchira. Tsopano kapasita inkadzaza kamodzi n'kumakhuthuka pang'onopang'ono, ndipo pafoni mano aja anayang'ana kwina.

Atabwerera kumunda anapeza njiwa zitayambiranso phwando. Anapachikanso chitini n'kulumikiza waya. Chitini chinalira: kwiii-ooo! Njiwa zinanyamuka zonse pamodzi, galu uja n'kupinda mchira.

"Zizolowera," anatero a Levi. "Njiwa si zitsiru."

"Zikazolowera ndisintha liwiro lake, komanso tizisuntha chitinichi. Mungondipatsa mpaka tikolole, bambo."

A Levi anayang'ana mitu ya mpendadzuwa ija nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka n'kulunjika kumudzi. Mtima wa Faustina unagwa, poganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Posakhalitsa anawaona akubwera, akupuma movutikira, atasenza mtengo wautali wakuda ndi fumbi. Anauzindikira: unali umodzi mwa mitengo yoyanikapo fodya m'chigafa.

"Pamsukupo m'pafupi," anatero akuuponya pansi. "Kabawi amalira ali m'mwamba. Tenga khasu tikumbe."