Mbedza Yomaliza Kukola

Pulogalamu yosunga mafayilo inakana kuzima. Katatu konse Bwana Tayi analamula, katatu konse sikirini inayankha zomwezo: mbedza sizinachoke.

Achemwali, monga onse ankawaitanira pakampanipo, anaima kumbuyo kwake, manja ali m'juzi, poti chipinda cha chikompyuta chachikulu chimazizira ngati mochale. Zaka khumi ndi ziwiri chikompyutacho ankachisamala ndi iwo, mpaka Tayi anabwera n'kuwakankhira pakhomo kuti aziika mapepala m'pulinta. Lachinayi anaona kalata yowachotsa ntchito ikutuluka m'pulinta momwemo, ikadali yofunda. Mlandu wake unali wochedwetsa makina.

Adona, eni kampani, anayang'ana wotchi. “Bambo, munati mphindi khumi. Pulogalamu yatsopano tiika liti ngati yakale sikuzima?”

“Pali amene anaseweretsa, Adona,” anatero Tayi, diso lili pa Achemwali.

Achemwali ankadziwa vuto lake. Pulogalamuyi ikamayaka imakola mbedza zake m'kati mwa makina kuti fayilo iliyonse izidzera kwa iyo. Pozima imazikolola. Koma ikapeza wina wakola yake pamwamba, imangosiya, kuopa kugwetsa zonse. Mbedza yachilendo yotereyi Achemwali anaiona mwezi watha, n'kungosunga pakamwa. Anamuleka Tayi atuluke thukuta m'chipinda chozizira mpaka kolala inanyowa.

“Ndingozimitsa magetsi,” anatero Tayi.

“Zimitsani, achimwene,” anatero Achemwali. “Mafayilo a anthuwo mukawatolera ndi tsache.”

Adona anatembenuka. “Mayi, mukudziwapo kanthu?”

“Ine ndi wa mapepala, Adona. Koma yomaliza kukola ndiyo imayamba kuchoka. Ngakhale zovala, munthu savula malaya jekete lili pathupi.”

“Tionetseni.”

Achemwali sanakhale pampando. Anangowerama, n'kulemba mzere umodzi ndi zala ziwiri. Mndandanda wa mbedza unatuluka, ndipo pamwamba penipeni panali kapulogalamu kosadziwika, nambala ya amene anakaika ili pambali pake.

“Kameneka kamatani?”

“Kamalemba chilichonse chimene ine ndagwira, kenaka n'kukanena. Kakazitape, Adona. Kakamalemba, makina onse amadikira. Kuchedwa kuja n'kumeneku.”

“Kachotsenitu.”

“Sindingathe. Kamamva mawu achinsinsi a mwini wake yekha.”

Tayi anayang'ana Adona, anayang'ana chitseko, kenaka anakoka kiyibodi kuti alembe mawu achinsinsiwo. Koyamba zala zinaphonya. Kachiwiri kakazitape kanachoka, mbedza zinakoloka imodzi imodzi, pulogalamu n'kuzima mwaulemu ngati mlendo wotsanzika.

“Bambo, kalata munati ndisaine ija ili kuti?” anafunsa Adona.

Tayi anayamba kupapasa m'matumba. Achemwali anatulutsa yawo m'juzi, yopinda panayi.

“Musavutike, achimwene, pulinta inatulutsa ziwiri. Mwailemba bwino kwambiri, ndipo mlandu wake ndi woona. Pofunika kukonza ndi pa dzina pokha.”

Anapita pakhomo paja kukaika pepala latsopano.