Mlendo wa ku Paris pa La Frileuse

Sitima yathu yolondera nyanja, La Frileuse, inali ndi zaka makumi atatu pamene ine ndinali khukhi wake. Ntchito yake inali kuthamangitsa mabwato akunja oba nsomba kuzilumba za Tuamotu, koma akubawo ankaidziwa. Akaona utsi wathu ankamaliza kaye kukoka maukonde, kenako n'kutibayibitsa.

Chaka chilichonse Kaputeni Morvan ankalembera akuluakulu ku Paris kupempha sitima yatsopano. Yankho linali lomwelomwelo: poti ikuyenda, iziyenda. Ndipo inkayendadi, chifukwa cha madala Tauraa, makaniko wathu, amene ankasamala injiniyo kuposa mkazi wawo.

Tsiku lina tinamva kuti kukubwera bwana Delcourt kuchokera ku Paris kudzaiyendera, ndipo lipoti lawo ndilo lidzagamule. Kaputeni anakokera madala Tauraa kukhitchini kwanga.

"Madala, mawa tikangotuluka padoko la Papeete, injini izime. Mumasule kanthu kamodzi basi."

"Ine, bwana?" Madalawo anavula chipewa n'kuchivalanso. "Sitima iyi sinandichititsepo manyazi pamaso pa mlendo. Ikafuna kufa, ife yokha."

M'mawa mwake anachita kuipukuta n'kuimwetsa mafuta atsopano. Sitima yokalambayo inayenda ngati yangotuluka kufakitale, ngakhale kautsi osaoneka. Bwana Delcourt, atavala yunifolomu yoyera mbee, anasisita chitsulo n'kumwetulira.

"Kodi mumadandaula chiyani anthu inu? Iyi itha kugwira ntchito zaka zina khumi."

Nkhope ya kaputeni inagwa. Apo ndinaona kuti nkhani yatsalira ine.

Masana, ngakhale linali Lachiwiri, ndinatulutsa fafaru, nsomba yathu ya Lamlungu ija yoviika m'madzi owola, imene fungo lake limathawitsa ndi amphaka omwe.

"Bwana, mlendo wolemekezeka timamulandira ndi chimenechi," ndinatero. "Kukana n'kunyoza Tahiti yense."

Anadya atatsinzina. Ndinawaonjezera. Pasanathe ola, tili pamafunde a pakati pa chilumba cha Moorea ndi kwathu ku Tahiti, anadzuka atagwira pamimba.

"Chimbudzi chili kuti?"

Tonse tinkadziwa khalidwe la chimbudzi cha mabwana. Kuseri kwa chitseko kunali kampini kofiira, ndipo ukapopa madzi usanakatseke, nyanja inkakubwezera zako zonse. Kaputeni anayang'ana kumbali. Madala Tauraa ndiwo analoza mwaulemu.

"Chitseko chachiwiri, bwana. Mukamaliza mupope mwamphamvu."

Tinamva kupopa katatu, kenako phuu! Kenako mawu a Chifalansa amene masisitere sanatiphunzitse kusukulu. Chitseko nacho chinakana kutseguka, mpaka tinachita kuchigumula.

Yunifolomu ija sinavalikenso. Zovala za kaputeni zinawachepera, choncho bwana Delcourt anatsika ku Papeete atamanga nsalu yanga yamaluwa m'chiuno, nsapato zili kumanja. Padoko panali asilikali khumi ndi awiri odikira kuwachitira sawatcha. Anachitadi, koma mapewa awo ankagwedezeka.

"Madala," ndinawanong'oneza, "si paja munakana kuchititsa sitima manyazi?"

"Ine ndine wa injini, achimwene. Za chimbudzi kafunseni wina. Nanga inu, fafaru munayamba liti kuphika Lachiwiri?"

Lipoti litabwera, kaputeni anatiwerengera kawiri. Linayamikira injini ndi makaniko wake, koma linati sitimayo siyoyeneranso kukhalamo munthu.

Yatsopano inafika patatha zaka ziwiri, yaitali, yonunkhira penti. Madala Tauraa anatsikira kuinjini ndi sipanala yawo, n'kupeza zonse zili zotsekera m'mabokosi, mnyamata wa magalasi akuziyang'ana pakompyuta. Anazungulira kawiri osapeza pogwira. Mwezi womwewo anapuma ntchito.

Pano amakonza mainjini a asodzi ku Taravao. Ndikapita kukawaona, funso lawo loyamba limakhala lakuti yatsopanoyo yawonongekapo kangati. Sinawonongekepo, koma ndimati kawiri, ndipo amandigulira mowa.